Mutu wa a Nachisale

A Kanyimbi, Nduna ya Ulemu ndi Kugwada m'dziko la Zikomobwana, ndiwo adalakwira Lufeyo Mtambalika, wowotcherera zitsulo wa mumsika wa Tsitsaniko. Adamulakwira m'mwezi wa Okutobala, chaka chimene mipopi ya mumzinda wa Tadyakale idasiyiratu kudontha, pamene adalamula kuti mkazi wa Lufeyo adulidwe mutu. Zoona, mkaziyo anali atamwalira kale, ndipo wodulidwayo anali wachitsulo. Koma mukamufunse Lufeyo ngati kupweteka kwake kudasiyana.

Zikomobwana ndi dziko limene wovala suti akakupondani phazi, mumayamba ndinu kupepesa. Mfumu yake ndi Nditamandeni Wachiwiri, amene adalowa m'malo mwa Woyamba uja adafa ndi kukhuta. Malamulo kumeneko ndi ambiri, koma amene ana amaphunzira asanadziwe ndi dzina lawo lomwe ndi awiri: galimoto za Mfumu zikamadutsa aliyense agwade, ndipo mutu wa munthu wamba usakhale pamwamba kuposa mutu wa Mfumu.

Lufeyo sanali munthu wa ndale. Magetsi akayaka ankawotcherera mbaula, zitseko zachitsulo ndi njinga zothyoka za anyamata a kabaza. Akazima ankakhala pachitini pakhomo pa shedi yake n'kumatukwana chamumtima. Mkazi wake, a Nachisale, adathera theka la moyo wawo pamzere wa mpopi wa mumsikamo, ndowa ili m'manja, kudikira madzi amene ankabwera mwa apo ndi apo ngati mbale wokwiya. Atamwalira, Lufeyo adafufuza m'nyumba monse osapeza chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Tsiku limene wojambula adafika m'dera lawo, iwo adakana kuchoka pamzere kuopa kutaya malo.

Choncho Lufeyo adaganiza zowapanga yekha, nkhope yawo isanamuthawe m'mutu. Miyendo adapanga ndi mapaipi, chitenje ndi malata akale, zala ndi masipoko a njinga, chifuwa ndi nyali ziwiri za galimoto yakufa, ndipo kumbuyo adaikako beseni la wilibala, pakuti malemuwo Mulungu sadawamane. Ndowa adawapatsa yawo yomwe ija. Koma nkhope ndiyo idamudyera nthawi. Adaisula kuchokera ku khasu lawo la kudimba, kugogoda pang'onopang'ono nyengo yonse yozizira, mpaka lidatuluka tsinya lija ankamulandira nalo akabwera akununkha kachasu. Tsiku limene tsinyalo lidatuluka, Lufeyo adaika hamala pansi, n'kungozindikira kuti wabisa botolo kumbuyo.

Adawaimika pa mpopi, patsogolo penipeni pa mzere.

"Alamu, mwawadzutsiranji achemwali?" adafunsa Velina, mng'ono wa malemuwo, amene ankagulitsa tomato pafupi pomwepo. "Munthu adapuma, inu mwamubwezeranso pamzere!"

"Ndi pamene ndinkawapeza ndikawafuna," adatero Lufeyo.

"Nanga tsinyalo simukadalichepetsako? Ine ndikulephera kukweza mtengo, akundiyang'ana."

Amayi a mumsika adawalandira ngati mnzawo wobwera ku ulendo. M'mawa ankandanda ndowa zawo kumbuyo kwawo n'kupereka moni: "Mwadzuka bwanji, a Nachisale? Atulukako?" Kudabweranso anyamata ovala magalasi ochokera ku sukulu ya ukachenjede, nazungulira chitsulocho atagwira zibwano. Adati limeneli ndi luso lamakono, ndipo likuphunzitsa mtundu wathu kupirira ndi kudzichepetsa.

"Si kupirira kumeneko," adawayankha Lufeyo. "Ndi ludzu."

Anyamatawo adati mmisiriyu saimvetsa ntchito yake yomwe, nakwera minibasi.

Mavuto adayamba Lachisanu lina masana, Mfumu ikupita kukatsegula mlatho umene inali itautsegulapo kale chaka chatha. Malikhweru a apolisi atangomveka, msika wonse udagwa pansi. Ogulitsa makala adagwada, akabaza adagwada, ndipo mkulu wina adapinda miyendo ya mbuzi yake kuti isamubweretsere mlandu. Pamalo ponsepo padatsala mutu umodzi wokha uli m'mwamba.

Galasi la galimoto lidatsika.

"A Kanyimbi," idaitana Mfumu, "mayi uyo maondo ake wasiya kunyumba?"

A Kanyimbi adatsika mothamanga, mimba ili patsogolo. "Iwe mayi! Gwada!" Mayiyo adangowayang'ana ndi tsinya. Nduna idakweza dzanja n'kumuwomba mbama ndi mphamvu zake zonse, ndipo msika wonse udamva kuti ngwee! A Kanyimbi adazindikira nthawi yomweyo kuti amenya chitsulo. Koma Mfumu inali kuyang'ana, ndipo nduna sibwerera m'mbuyo Mfumu ikuyang'ana.

"Wandipweteka dzanja! Mwaona nonse! Sajeni, mumange!"

Sajeni Dzoole, mkulu wa polisi ya Tadyakale, adatuluka thukuta ndi anyamata ake kukweza wolakwayo pangolo ya abulu. Velina adakuwa ali chigwadire: "Muwagwire bwino achemwaliwo, sachedwa kupsa mtima!"

M'mawa mwake wapolisi adafika pashedi kudzamukalipira Lufeyo. Adati ndi mwamuna wamtundu wanji wosiya mkazi m'chitokosi osamupititsira chakudya. Lufeyo adafuna kufotokoza, koma wapolisiyo adati mwambo wa chitokosi susankha: womangidwa aliyense abale ake amabweretsa mbale. Velina adaphika mbatata ndi tiyi, ndipo mbale zidabwerako zoyera.

"Akuti mawa muikemo kankhuku," adatero wapolisi pobweza mbalezo, akutokosa m'mano.

"Achemwali sankadya nkhuku," adayankha Velina.

"Asintha. Ndende imasintha munthu."

Mlandu udakambidwa ku Bwalo la Inde, kumene nduna zonse zimakumana kuti zivomereze zimene Mfumu yaganiza kale. Lufeyo adamuitana ngati mwamuna wa woimbidwa mlandu. Adalowa chokwawa atavala jekete lake la kumaliro, naona mkazi wake ataimikidwa pakona, unyolo uli ku masipoko.

"Ndiwe mwini mkaziyu?" idafunsa Mfumu kuchokera pampando wake wokwera ndi makwerero.

"Ndine, Mfumu ya moyo wautali."

"Sudamuphunzitse mwambo?"

"Ndidayesa ali moyo, Mfumu. Maondo ankawavuta. Ngakhale kutchalitchi abusa adachita kuwasiya. Ndiye pano poti ndi chitsulo..."

"Mwamva!" A Kanyimbi adadzambatuka, dzanja lili m'bandeji mpaka m'chigongono. "Akuti poti ndi chitsulo! Nduna anzanga, kodi mukudziwa kuchuluka kwa zitsulo m'dziko muno? Makasu, zikwanje, mapoto, misomali! Lero tikalekerera chitsulo chimodzi, mawa mapoto onse adzaimirira. Ine sindidana ndi luso. Luso ndi labwino, limaphunzitsa anthu makhalidwe. Koma khalidwe loyamba ndi liti? Ndi kugwada! Nanga chosema chosagwada chikuwaphunzitsa chiyani ana athu?"

"Inde!" lidayankha Bwalo.

Tsiku lomwelo kudatuluka lamulo lakuti chosema chilichonse m'dziko chiunikidwe maondo. Osema nyamalikiti za mtengo a m'mbali mwa msewu adayamba kuzigulitsa zitagona chammbali, kuwauza alendo kuti nyama za kuno zimatopa msanga. Koma Lufeyo chigamulo chake chinali chapadera: agwaditse mkazi wake ndi manja ake omwe.

Adadikira sabata yathunthu kuti magetsi ayake, apolisi atakhala pakhomo pa shedi kumudyera mtedza. Atayaka, adavala magalasi ake akuda, nadula mapaipi aja pamaondo.

"Pepani, mayi," adanong'ona moto ukuthetheka. "Si ine. Mukudziwa kuti ine sindikadayerekeza."

Adawabwezera pamalo pawo, atagwada moyang'ana mpopi, ndowa itatambasulidwa kutsogolo. Velina adawazungulira, naima manja ali m'chiuno.

"Alamu, msewu uli kuti?"

"Uli kumbuyo kwawoku."

"Ndiye Mfumu ikamadutsa iziona chiyani?"

Lufeyo adayang'ana beseni la wilibala lija likunyezimira padzuwa, litalunjika kumsewu. Adakanda m'mutu. "Ine adangondiuza za maondo."

Mfumu idaona. Idaona bwino lomwe, pakuti dalaivala adachepetsa liwiro kuti Mfumu isangalale ndi kumvera kwa anthu ake. Dzuwa lisanalowe apolisi adabwera ndi zingwe n'kuwatembenuza a Nachisale kuti ayang'ane kumsewu. Apo ndiye zidanyanya. Tsopano mayiyo anali atagwada mwaulemu wonse, koma ndowa yopanda kanthu italoza pawindo la Mfumu, tsinya lili pamwamba pake. Amayi a mumsika, poti adazolowera kundanda kumbuyo kwa a Nachisale, nawonso adatembenuza mzere wawo. Mfumu ikamadutsa inkaona ndowa zokhazokha, zonse zitayasama kuyang'ana iyo. Palibe adaswa lamulo. Onse anali chogwada.

Akuti sabata imeneyo Mfumu idasowa chilakolako cha chakudya, moti inkasiya mapiko a nkhuku m'mbale.

Bwalo la Inde lidakumananso. Nduna ina idati ndowa ichotsedwe, koma anzake adati manja opanda kanthu ndiye aoneka ngati akupempha ndithu. Nduna ya Chitetezo idati ndi bwino kungoletsa ndowa m'dziko lonse. Lufeyo, amene adamuitananso, adakweza chala ali chigonere pansi.

"Mfumu ya moyo wautali, ine ndine mbuli, koma mukadangotsegula madziwo. Ndowa ikadzaza, ndiwanyamula ndekha kupita nawo kunyumba. Sadzakuvutaninso."

Nduna zidayang'anana, kenako zidayang'ana kudenga. Chiyambire ufumuwo palibe adanenapo zotere m'chipinda chimenecho, ndipo palibe adadziwa ngati pamenepa payenera inde.

"Munthu uyu akufuna kulamula mipopi ya Mfumu," adatero a Kanyimbi potsiriza, "koma timukhululukire, ndi wamasiye." Kenako adamwetulira, pakuti nzeru inali itawafikira. Chikondwerero cha Kuthokoza Mfumu chinali pafupi, ndipo unduna wawo udalonjeza kalekale chosema cha Mfumu, koma simenti yake inali itasanduka mpanda wa nyumba yawo ya kumudzi. "Mfumu yanga, vuto si maondo, vuto si ndowa. Vuto ndi nkhope. Nkhope iyi siyamika. Tichotse mutuwu tiikepo wanu, ndipo chosemachi tichitche kuti Mfumu Ipatsa Anthu Ake Madzi. Ndowa yomweyo idzakhala yopereka, osati yopempha."

"Inde!" lidapuma Bwalo.

Lufeyo adaiwala mwambo n'kudzuka mpaka m'maondo. "Bwana Nduna, thupilo tengani, ndi mapaipi chabe. Koma nkhopeyo ndilibe ina. Ndipatseni ndikasunge."

"Mutuwo uli ndi mlandu wa tsinya, sunakambidwe," adatero a Kanyimbi. "Ukakhala ku polisi ngati umboni."

Poti Lufeyo adakanitsitsa kugwira sowo, ntchito idapatsidwa kwa mphwake wa a Kanyimbi, woumba njerwa za simenti, amene chibadwire anali asanasemepo ngakhale mthiko. Adacheka khosi kuyambira m'mawa, sowo ikulira ngati nkhumba yomangidwa. Pakati pa ntchito adatembenuka kufunsa Lufeyo ngati angamubwereke mpeni wina wa sowo, poti wake wabuntha.

"Ali ndi khosi louma akazi anuwa, madala."

Mutu utadulidwa, Lufeyo adangoyang'ana Sajeni Dzoole akukulunga mutuwo m'thumba la feteleza n'kuumangirira pakaliyala ya njinga.

Tsiku la Chikondwerero ana a sukulu adaimba padzuwa mpaka ena kukomoka. A Kanyimbi adalankhula nthawi yaitali za luso lamakono, nati chosema chabwino chimanena zoona za mtundu wake. Kenako adakoka nsalu.

Mutu wa Mfumu unali wa simenti, waukulu ngati mtsuko wa mowa, chisoti chili pamwamba, mano onse ali pamtunda. Pansi pake panali nyali ziwiri zija, chitenje cha malata ndi beseni la wilibala. Mfumu Nditamandeni Wachiwiri inali itagwada pakati pa msika wa Tsitsaniko, itatambasula ndowa ya a Nachisale yopanda ndi dontho lomwe.

Palibe adaseka. Kuseka kuli ndi zaka zake kundende. Koma msika wonse udagwidwa ndi chifuwa nthawi imodzi, anthu kutsokomola mpaka misozi, moti wailesi idalengeza kuti mumzinda mwagwa mliri.

Mfumu yeniyeni idayang'anitsitsa kwa kanthawi. "Mphuno yafanana," idatero, ndipo nduna zidaomba m'manja.

Amene adazindikira tsoka linalo anali Sajeni Dzoole, m'mawa mwake. Adaima pafupi ndi chosemacho, naona kuti chisoti cha Mfumu chikumulekeza pachifuwa. Adadzigwetsa pansi nthawi yomweyo. Lamulo silinena ngati mutu wa Mfumu uyenera kukhala wa mnofu kapena wa simenti. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa mumsika wa Tsitsaniko ankayenda chokwawa. Onyamula matumba ankawakankha ndi mphumi, ataliatali ankakwawa ndi mimba, ndipo Velina ankagulitsa tomato atagona chafufumimba, chibwano chili pachiguduli.

Lufeyo adakwawa kudutsa pamenepo maso ali pansi.

"Alamu," adaitana Velina, "moni simupereka kwa akazi anu?"

"Si akazi anga amenewo."

"Kuyambira m'khosi kutsika m'munsi ndi achemwali, ine ndikuwadziwa. Ndiye kuti pano inu ndinu ndani wake wa Mfumu? Amuna ake?"

"Tseka pakamwa, Velina, undimangitsa."

"Ine ndikungofuna kudziwa ngati tsopano ndine wa banja lachifumu. Ndasowa wondiuza."

Anthu adakwawa mpaka mkazi wa Mfumu adadandaula kuti wantchito wake akubwera ndi ndiwo zamchenga. Pamenepo Bwalo lidalamula kuti chosemacho chikwezedwe pansanja yaitali. Mphwake wa a Kanyimbi adapatsidwanso ntchito. Madzi osakanizira simenti adabwera pagalimoto, thanki yodzaza, amayi akuona ndi maso awo. Poona kuti pa mpopi paja pali kale maziko olimba, mnyamatayo adamanga nsanjayo pamwamba pake, kuukwirira mpopiwo m'simenti. Anthu adaimiriranso, maondo ali zilonda, ndipo wailesi idalengeza kuti chifukwa cha nzeru za Mfumu, mumsika wa Tsitsaniko mulibenso mpopi wouma.

Lufeyo adagula khasu lina nayamba kugogoda. Nkhope yoyamba idatuluka ya Velina.

"Alamu, ngati mukundifuna mungonena," adatero Velina ataiona. Koma poyang'ana nkhope ya mlamu wakeyo, sadapitirize.

Yachiwiri idatuluka ya mayi wina wosamudziwa. Lufeyo adatseka maso kuti awaone a Nachisale, koma ankangoona mpango pamwamba ndi ndowa pansi. Pakati pake panali mbuu ngati utsi. Adaika hamala pansi, navala jekete lake, n'kupita ku polisi.

Sadavutike kuufunafuna. Mutuwo unali pansi pakhomo la ofesi ya Sajeni, utatsekereza chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Dzimbiri linali litayamba kudya tsaya la kumanzere, pamene anyamata a Sajeni ankapalirapo matope a nsapato polowa. Lufeyo adanyonyomala, naupukuta ndi mkono wa jekete.

"Musakhudze umboni, madala," adatero Sajeni Dzoole, m'kamwa muli chinangwa.

"Bwana, ndabwera kudzatenga mkazi wanga. Mlandu wake ukambidwa liti?"

"Mlandu sungakambidwe woimbidwa mlandu asanakwane. Uwu ndi mutu chabe. Bweretsani thupi tilumikize, tione ngati ndi munthu mmodzi."

"Thupilo lili pansanja, bwana. Mudalikweza nokha."

"Limenelo ndi thupi la Mfumu. Mukalikhudza, kumeneko ndi kuukira ufumu."

"Ndiye ndichite chiyani?"

Sajeni adameza chinangwa, naganiza moona mtima. "Ine munthu ndimamvera chisoni, madala. Pano timawasamala. Mvula siwafikira kwenikweni. Koma za mlandu kaonaneni ndi a Nduna."

Lufeyo adapita kunyumba kwa a Nduna. Mlonda wa pageti adati a Kanyimbi apita kunja kukalandira mendulo yolimbikitsa luso, ndipo akabwerako adzakhala otopa. Adapitanso nthawi ya dzinja, adamuuza kuti ali pamsonkhano. Adapitanso nthawi yokolola, adamuuza kuti nkhani za zosema zidachoka m'manja mwawo.

A Kanyimbi pano ndi Nduna ya Madzi. Lufeyo akuwotchererabe mbaula magetsi akayaka. Mutu wa a Nachisale ukadali ku polisi ya Tadyakale, pansi, kutsekereza chitseko, ndipo dzimbiri lafika m'diso.